Anavomera kupha njovu imene sanaione: mlandu wa minyanga ku Kasungu ndi gawo 176

Mlanduwu ndinaulandira mochedwa monga loya woimira woimbidwa mlandu, mnyamatayo atakhala kale pa rimandi milungu 5. Amene anabwera ku ofesi ndi amayi ake, atakulunga buku lake la kuchipatala m'kajumbo. Sanalitenge podziwa kuti lidzathandiza ayi, lidali pepala lokhalo la mwana wawo limene linali pakhomo. Sinditchula dzina la munthu aliyense kapena la mudzi. Ndingoti ndi kumadzulo kwa boma la Kasungu, kufupi ndi mpanda wa paki, kumene abambo amagona kumunda chimanga chikayamba kukhwima poopa njovu.

Anali ndi zaka 24, sukulu analekezera Sitandade 6. Ntchito yake ndi kabaza wa njinga yakapalasa, ndipo nyengo ya fodya ankagwira ganyu yosankha ndi kudinda mabelo pa esiteti ina. Milandu inali itatu: kupezeka ndi minyanga ya njovu, kufuna kuigulitsa, ndi kupha njovu m'paki. Yonse ikuchokera mu National Parks and Wildlife Act, lamulo limene linakhwimitsidwa mu 2017, loti munthu wopezeka wolakwa pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Atsibweni ake, mkulu wa imvi, anawamanga pa mlandu wachitatu wokhawo. Tikumbukenso kuti mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku paki ya Kasungu, ndipo chiyambire pamenepo maso a boma ali kumpanda kuja. Sindikudandaula nazo zimenezo. Opha njovu alipodi, ndipo ambiri a iwo sungawagwire utavala yunifolomu.

Mmene msampha unatcheredwera

Zimene ndikulemba apa ndazilumikiza kuchokera kwa mnyamatayo, m'masitetimenti a mboni za boma, ndi zimene zinatuluka pofunsana m'khoti. Venda wina wogula soya ndi mtedza pamsika wa kwawo anamudziwitsa kwa mlendo wovala bwino, wolankhula Chinyanja cha kutsidya, amene ankati amachokera ku Chipata. Mlendoyo anali wapolisi wodzizimbaitsa. Anakumana kasanu m'milungu 6. Tsiku loyamba anangokwera kabaza n'kulipira K5,000 pa mtunda wa K1,000. Kachiwiri anamugulira chakudya ndi mayunitsi. Mwana wa mnyamatayo atadwala malungo, mlendo uja anatumiza K20,000 pa foni, osapemphedwa. Nkhani ya minyanga inayamba pa ulendo wachitatu. Anaiyambitsa ndani, mpaka lero mbali ziwirizi zimatsutsana, chifukwa maulendo atatu oyambawo sanajambulidwe mawu.

Ulendo wachinayi ndi umene unabala mlandu wachitatu. Anamutengera ku boma, m'chipinda cha resitihausi ina, kuti akaonane ndi "bwana wamkulu", wapolisi wina wachikulire. Foni inali pa tebulo ikujambula. M'chipindamo mnyamatayo ananena kuti njovu anaipha yekha ndi mfuti ya gogodera, kuti anaiwombera kamodzi pamphumi, kuti usiku womwewo iye ndi atsibweni ake anagwaza minyanga ndi nkhwangwa, ndiponso kuti zinachitika mvula yoyamba itangogwa. Ulendo wachisanu anabwera ndi zidutswa ziwiri za minyanga m'thumba la feteleza, n'kumugwira nazo pompo.

Ku polisi, atamuchenjeza, anavomera kuti thumba linali m'manja mwake ndipo ankadziwa za mkatimo. Za kupha anakana. Usiku wachiwiri m'chitokosi munalowa munthu wina amene ankati amugwira ataledzera. Munthu ameneyu anadzaonekera pa mndandanda wa mboni za boma, akunena kuti mnyamatayo anamuuza kuti njovu anaphadi koma mfuti sadzaipeza.

Ndiye boma linali ndi kuvomera kuwiri, kwa ku resitihausi ndi kwa m'chitokosi. Mfuti panalibe, nyama panalibe, mboni yoona ndi maso panalibe.

Tsiku loyamba kucheza naye kundende ndinapita ndi maganizo akuti akana mawuwo, anena kuti apolisi apeka. Ambiri amatero. Iye anangoti, "Bwana loya, mawuwo ndi anga ndithu. Koma njovuyo sindinaione n'komwe." Nditamufunsa chimene ananenera, anandiyang'ana ngati funsolo ndi la mwana. "Anati bwana sagula kwa ana otumidwa. Ndikanati ndine wotumidwa, bwenzi atandisiya." Amayi ake nditawafotokozera anangogwira tsaya n'kunena kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Pamene ndinagwa

Boma litafuna kuti khoti limve mawu ojambulidwawo, ndinaimirira n'kukana. Ndinati munthuyu sanachenjezedwe, anamunyengerera ndi ndalama, ndipo ndinapempha kuti pakhale kaye kamlandu kapadera kofufuza ngati analankhula mwa kufuna kwake. Wapolisi woimira boma sanavutike n'komwe. Anatsegula Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, n'kuwerenga gawo 176(1) pang'onopang'ono, n'kukhala pansi. Amajisitileti sanatenge mphindi 5.

Anali kukhoza iwowo. Gawolo limanena kuti umboni wa kuvomera mlandu khoti liulandire ndithu ngakhale wina akane ponena kuti woimbidwa mlandu sananene mawuwo, kapena kuti sanawanene mwa kufuna kwake, kapena kuti anamukopa mosayenera. Mwambo wakale wa ku England, umene ambiri tinauloweza pa mlandu wa Ibrahim wa 1914, woti kuvomera kochokera m'mantha kapena m'malonjezo a munthu waudindo kusalowe n'komwe m'khoti, gawo limeneli linauchotsa kuno. Ndikudziwa kuti pambuyo pa malamulo aakulu a dziko a 1994 oweruza a High Court anasiyana maganizo pa nkhani yoti gawoli likugwirizana ndi gawo 42 la malamulowo, lonena za ufulu wa omangidwa ndi oimbidwa milandu, kapena ayi, koma likadali m'buku ndipo makhoti akuligwiritsa ntchito.

Chimene chinandichititsa manyazi pobwerera ku ofesi ndi ichi: ngakhale gawo 176 likanakhala kulibe, sindikanapambanabe. Mwambo wakale uja umafuna kuti wolonjezayo akhale munthu amene wolankhulayo akumudziwa kuti ndi waboma. Mnyamata wanga ankaganiza kuti akulankhula ndi chigawenga. Khoti lalikulu la Australia linaona chimodzimodzi mu 2007 pa mlandu wa Tofilau, n'kulola kuvomera kwa mtundu womwewu. Gawo 42(2) la malamulo aakulu nalo limateteza munthu amene wamangidwa kapena akuimbidwa mlandu: auzidwe msanga, m'chilankhulo chimene akumva, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asakakamizidwe kuvomera. Ku resitihausi kuja anali asanamangidwe, chitseko chinali chosakhoma, ndipo palibe anamukhudza. Wapolisi wodzizimbaitsa amadutsa pakati penipeni pa zitetezo ziwirizi, ndipo ndicho chifukwa chake njirayi amaikonda.

Ndinaganizako zopempha kuti funsoli lipite ku High Court kuti oweruza atatu akalione ngati nkhani ya malamulo aakulu. Ndinazisiya. Anthu awiri anali pa rimandi, mmodzi wokalamba, ndipo njira imeneyo ikanawasunga m'menemo kwa nthawi imene sindikanatha kuwalonjeza. Anzanga ena anati ndinataya mwayi wokonza lamulo. Mwina. Koma wokhala m'ndende sanali ine.

Nkhondo inali pa ndime yachitatu

Ambiri tikawerenga 176(1) timataya mtima osafika pa 176(3). Ndimeyo imati khoti lingathe kudalira kuvomerako pokhapokha litakhutira, popanda chikayiko chomveka, pa zinthu ziwiri: kuti mawuwo ananenadi ndi woimbidwa mlanduyo, ndiponso kuti zimene zili m'mawuwo n'zoona pa mfundo zikuluzikulu. Likapanda kukhutira, lisawaganizire n'komwe. Khomo ndi lotakasuka, koma mkati muli sikelo, ndipo woyenera kuidzaza ndi boma, osati ife.

Poyesa ngati kuvomera kuli koona, makhoti athu akhala akugwiritsa ntchito mafunso a pa mlandu wa Sykes wa 1913. Kodi pali china kunja kwa mawuwo chosonyeza kuti ngoona? Kodi mfundo zimene tingathe kuziyesa zikupherezera? Kodi munthuyu anali ndi mpata wochita zimenezi? Kodi zimene akunena n'zotheka, ndipo zikugwirizana ndi zina zimene zatsimikizika? Ndinalemba chiganizo chilichonse chimene mnyamatayo ananena m'chipinda muja pa pepala lakelake, n'kumafunsa mafunso amenewa chimodzi ndi chimodzi.

Kuti nditero ndinafunika mawu onse, ndipo apa ndi pamene mlandu unatembenukira. Chimene boma linandipatsa poyamba linali pepala limodzi ndi theka la Chingerezi, lomasulira mphindi pafupifupi 4. Ndinapempha khoti kuti lilamule kuti andipatse zonse zimene foni inajambula. Zinatenga milungu 3 ndi kuimitsa mlandu kawiri. Zitabwera zinali mphindi 47. Ndinazimvera usiku ndi mahedifoni, chifukwa kunja kwa chipindacho kunkalira chigayo ndipo mawu ena amamira.

Mphindi 20 zoyamba wolankhula kwambiri ndi bwana wamkulu. Akudandaula kuti anthu apakati amamubera, akuti iye amafuna alenje enieni, mtengo wa mlenje ndi wina wa wotumidwa ndi wina, ndipo amene amukhulupirira amamugulira njinga yamoto. Akutchula njinga yamoto katatu. Kwa wakabaza wopalasa ndi miyendo, amene anzake onse anakwera kale njinga zamoto, nyambo yoposa imeneyo palibe. Kenako akubwera funso: "Ndiye unaigwetsa wekha?" Pakudutsa kanthawi, chigayo chikulira, mnyamatayo n'kuyankha kuti, "Eee... tingotero, bwana."

Pa pepala la Chingerezi analemba kuti wavomera basi. Aliyense wolankhula Chichewa akudziwa kuti "tingotero" si "inde". Ndi mawu a munthu amene akulola kuti nkhani ipite kumene mnzake akuikokera. Sindibisa, patapita mphindi zingapo anatenthedwa n'kuyamba kudzitama momveka bwino, za pamphumi ndi za nkhwangwa zija. Koma ukamvera bwino, pafupifupi mfundo iliyonse ikuyamba ndi wofunsa. Amene anatchula gogodera poyamba ndi bwana wamkulu. Amene anati "njovu suigwaza wekha, anakuthandiza ndani" ndi iyenso, ndipo mnyamatayo anangotola dzina la mkulu amene anali naye pafupi m'mutu, atsibweni ake.

Panali chosankha chovuta apa. M'mphindi 47 zimenezo munali zonyansa zambiri. Anadzitama kuti anamenyapo msilikali wa paki, kuti anawolotsapo ngaka ziwiri kupita ku Zambia, kuti apolisi a kwawo amamuopa. Palibe chimene chinali pa chikalata cha milandu, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe chinachitikapo. Koma woweruza ndi munthu, ndipo chimene wamva wamva. Ndikadalola mphindi 4 zokha, khoti likanamva munthu wovomera mosaumirizidwa. Kulola zonse kunali kuonetsa nyambo, komanso kuonetsa kasitomala wanga ngati chigawenga chokhwima. Ndinamufotokozera zonse ziwiri, tinagwirizana zoti khoti limve zonse. Ndinaona kuti bodza lochuluka chotero likudzitsutsa lokha. Munthu woopedwa ndi apolisi sapempha K2,000 ya basi pa mapeto a msonkhano, ndipo iye anapempha, zinajambulidwa.

Zimene zinali kunja kwa mawu

Mboni imene inatithandiza kwambiri inali ya boma: katswiri wa zanyama zakutchire amene anabwera kudzatsimikiza kuti zidutswazo ndi minyanga ya njovu. Lipoti lake linali la mizere yochepa, mtundu ndi kulemera kwake basi. Ndinapempha kuti zidutswazo aziike pa tebulo, n'kumufunsa kuti aonetse khoti pamene nkhwangwa inadutsa. Anazitembenuza, n'kunena chilungamo kuti palibe. Anafotokoza yekha kuti njovu ikangophedwa, mnyanga umakhala wolimba m'chigaza ndipo opha amachita kutema, zipsera n'kutsala kutsinde. Koma nyama ikaola, mnyanga umasololoka ndi manja. Izi zinali zosololoka, zong'aluka ndi dzuwa, zolowa dothi m'ming'alu. Nditamufunsa ngati zingakhale za njovu yophedwa miyezi yochepa yapitayo, anati sakuganiza choncho. Nditamufunsa ngati zili za njovu imodzi, anayerekeza kukula kwake n'kuti n'zokayikitsa.

Anavomeranso kuti asilikali a paki amalemba mtembo uliwonse wa njovu umene aupeza, ndipo kuti kudera limene mnyamatayo anatchula, pa nyengo imene anatchula, m'buku munalibe kanthu. Za kugwetsa njovu ndi chipolopolo chimodzi cha gogodera pamphumi anangomwetulira, n'kuti chigaza cha njovu si cha gwape.

Kenako buku la kuchipatala lija. Linasonyeza kuti nthawi ya mvula yoyamba chaka chimenecho mnyamatayo anali atathyoka mwendo atagwa pa njinga, ndipo anali mu pulasitala milungu 6. Ndinaitana amene analemba m'bukumo kuti adzatsimikize dzanja lawo. Ndikanangopereka bukulo popanda mwini dzanja, boma likanalikana, ndipo likanakhoza.

Pa mfundo zomaliza ndinatchula mlandu wa Hart wa ku Canada wa 2014, podalira gawo 11 la malamulo aakulu limene limalola khoti kuyang'ana zigamulo za mayiko ena zofanana ndi nkhani yathu. Kumeneko apolisi ali ndi njira imene imatchedwa Mr Big: amapanga gulu la zigawenga labodza, kumukoka woganiziridwa ndi ndalama ndi ubwenzi, kenako n'kumuuza kuti bwana wa gulu akufuna amve zoona zake za mlandu wakale. Hart mwini wake, bambo wa ku Newfoundland, wosauka ndi wopanda anzake, anamuyendetsa miyezi 4 m'zochitika zopeka zoposa 60 mpaka anavomera kuti anamiza ana ake amapasa. Khoti lalikulu la dzikolo linati kuvomera kotere kuziyamba n'kukanidwa, ndipo boma lisonyeze kuti phindu lake likuposa kuipitsa kwake. Linatchula zoopsa zitatu: munthu akhoza kunama pofuna mphotho, khoti limamva mbiri yoipa ya munthuyo imene silikanaimva, ndipo apolisi akhoza kupyola malire. Linatinso tiziona ngati mawuwo anatsogolera ku umboni wina watsopano, kapena ngati muli zinthu zimene wolakwa yekha ndiye angadziwe.

Sindinapemphe khoti kuti litsate Hart pa nkhani ya kulandira umboni, popeza gawo 176(1) linali litatseka kale njira imeneyo. Ndinati zimene anzathu amayesa pakhomo ife timayesa pa sikelo, ndipo muyezo wathu ndi wokhwima kuposa wawo: kwawo boma limangofunika kusonyeza kuti mbali yake ndiyo yopendekera, kwathu liyenera kuchotsa chikayiko. Mawu a ku resitihausi sanatsogolere ku mfuti, ku mafupa, kapena ku nkhwangwa. Chilichonse chimene chinayesedwa chinagwa.

Munthu wa m'chitokosi

Uyu ndi nkhani ina, ndipo anzanga musamawaphatikize awiriwa. Pamene ankalowa m'chitokosi, mnyamatayo anali atamangidwa, atachenjezedwa, ndipo atakana kale za kupha. Zitetezo za gawo 42 zinali zitayamba kugwira ntchito. Ndinapempha buku limene amalembamo anthu olowa m'chitokosi. Dzina la mboniyo munalibe. Nditamufunsa kuti anamangidwa ndi ndani, pa mlandu wanji, ndipo unatha bwanji, anazungulira pang'ono kenako n'kuvomera kuti ndi wapolisi wochokera kwina, ndipo anamutuma kuti "akangomvetsera". Sanajambule kanthu, sanalembe kanthu usikuwo, sitetimenti yake anailemba patapita masiku 9. Anavomeranso kuti nkhani ya njovu anaiyambitsa ndi iye.

Mayiko amasiyana pa zimenezi. Ku America, pa mlandu wa Perkins wa 1990, anati wapolisi wodzizimbaitsa m'chitokosi safunika kuchenjeza munthu. Chaka chomwecho ku Canada, pa mlandu wa Hebert, anati munthu akasankha kukhala chete, boma lisamutumizire kazitape kuti akamukumbe. Ndinatsamira pa Hebert, n'kukumbutsanso khoti kuti ngakhale mlandu wa Kuruma wa 1955, wochokera ku Kenya, umene oimira boma amaukonda chifukwa umati umboni ndi umboni ngakhale upezeke molakwika, unasiya mpata woti woweruza akane chimene chatengedwa mwa chinyengo. Mfundo yanga inali yoti chenjezo limataya tanthauzo ngati wapolisi angavule yunifolomu madzulo n'kudzafunsa funso lomwe lakanidwa masana.

Chigamulo

Boma litatseka umboni wake, atsibweni aja anamasulidwa, khoti litapeza kuti alibe mlandu woti ayankhe. Gawo 176(2) n'lomveka: kuvomera kwa munthu mmodzi si umboni pa mnzake, pokhapokha mnzakeyo atakulandira ngati kwake. Kunja kwa mawu a mphwawo panalibe chilichonse. Komabe anali atakhala pa rimandi miyezi 4, nazale yawo ya fodya itauma. Ndimeyi ndinayenera kuitulutsa tsiku lomwe ndinalowa mu mlanduwu, popempha belo, osadikira mpaka boma litseke. Ndinatanganidwa ndi mphwawo, mkuluyo n'kumuiwala.

Mnyamatayo ndinamuika kuti achitire umboni, ngakhale ali ndi ufulu wokhala chete. Wina anayenera kufotokoza chifukwa chimene munthu angadzinamizire mlandu wa zaka 30, ndipo palibe akanatero kupatula mwini wake. Woimira boma anamufunsa funso limene ndinkaliyembekezera: "Unanama tsiku lija kapena ukunama lero?" Anayankha kuti, "Tsiku lija amandilonjeza njinga yamoto, bwana. Lero palibe akundilonjeza kanthu." Sindinamuphunzitse zimenezo.

Amajisitileti anati mawu a ku resitihausi ananenadi ndi iye, koma sakukhutira kuti ngoona, choncho sawaganizira. Anatchula minyanga yopanda zipsera, buku la paki, pulasitala, ndi mawu aja akuti "tingotero". Za m'chitokosi anati sakukhutira n'komwe kuti mawuwo ananenedwa, ndipo anaonjezera kuti kutumiza wapolisi kukakumba munthu amene wakana kale sikugwirizana ndi cholinga cha gawo 42. Sananene kuti umboniwo ukanayenera kukanidwa kulowa. Mlandu wakupha unagwa.

Pa milandu iwiri yoyamba anapezeka wolakwa, ndipo apa pali kulakwitsa kwanga kwachiwiri. Ndinakakamira mfundo yoti apolisi ndi amene anapanga mlanduwo, kuti popanda mlendo wa ku Chipata uja mnyamatayu sakanakhudza mnyanga. Ku England, pa mlandu wa Looseley wa 2001, anati khoti likhoza kuimitsa mlandu ngati boma ndi limene lakopa munthu kuchita chimene sakanachita. Koma ndinalibe chogwira. Maulendo atatu oyamba sanajambulidwe, wapolisi anati anayambitsa ndi mnyamatayo, venda wa soya uja sanaitanidwe ndi mbali iliyonse, ndipo mwini minyanga weniweni mnyamatayo anakana kumutchula poopa za banja lake kumudzi. Khoti linati anapatsidwa mpata basi ndipo anaulandira. Ndikanamulangiza kuti asinthe n'kuvomera milandu iwiriyo nditangolowa, tikanamenya nkhondo imodzi yokha, ndipo amajisitileti ananena poyera popereka chilango kuti kuvomera msanga kukanachepetsako.

Pa nthawi ya chilango ndi pamene zonyansa zija zinabwerera. Woimira boma anati munthuyu ngozolowera, khoti lamva lokha za ngaka ndi za kumenya msilikali. Ndinaimirira n'kunena kuti mawu amene khoti lawataya pa mlandu wachitatu sangalowenso pa zenera. Amajisitileti anagwirizana nane ndipo analemba choncho. Ngati mawuwo anatulukadi m'mutu mwawo, ine sindingalowemo. Anamupatsa zaka 4 pa mlandu uliwonse, zoyendera limodzi, kuwerengera tsiku limene anamangidwa, ataganizira kuti n'koyamba, kuti ndi wamng'ono, ndiponso kuti ndalama zimene ankapatsidwa zinamukoka.

Chiyambire mlandu umenewu, fayilo ya mtundu uwu ikafika, kalata yanga yoyamba imakhala yopempha mawu onse ojambulidwa m'chilankhulo chimene analankhulidwa, mndandanda wa maulendo onse ndi amene sanajambulidwe omwe, ndalama iliyonse imene woganiziridwa anapatsidwa, ndi buku la m'chitokosi. Kumasulira kwa ku polisi ndimakuyika pambali mpaka nditamvera ndekha. Kwa anzanga oimira boma, amene ena ndimadya nawo nsima pa boma pompa, ndinawauza kuti mlandu wawo wachitatu sunagwe chifukwa cha ine. Atangomva mawu a ku resitihausi, akanatuma munthu kukaona buku la paki ndi kutsinde kwa minyanga, akanadziwa tsiku lomwelo kuti agwira wotumidwa, ndipo mwina akanamutsata mpaka kwa mwini katundu m'malo momanga nkhalamba.

Za apilo tinakambirana, iye anati ayi, akuopa kuti zaka zingakwere. Fayilo inapita ku High Court kuti akaunike chilango monga mwa lamulo, ndipo chinatsimikizidwa. Njinga yakapalasa, imene inagwidwa pamodzi ndi thumba, khoti linalamula kuti ilandidwe. Buku la kuchipatala ndinakawabwezera amayi aja ndekha, chifukwa anati akufuna alisunge mpaka mwini wake adzatuluke.